Nyimbo ya Gisbert Imene Anaidula Pamaliro Ake

Pa 14 Novembala 2019, Lachinayi m'mawa, m'nyumba yotsanzikirana ndi omwalira kumanda kuno ku Köln, wantchito wa a Lindlar oyendetsa maliro anazimitsa nyimbo ya mnzanga Gisbert Rautenberg isanafike n'pakati pomwe, mwini wake ali gone m'bokosi patsogolo pathu. M'malo mwake anatiikira nyimbo ya limba imene amaikira wakufa aliyense.

Gisbert anali wokonza zikepe za m'nyumba zosanja. Tinakulira mumsewu umodzi, tikusewera m'mabwinja amene nkhondo inasiya. Ine ndinapitirira sukulu n'kukhala mphunzitsi wa Chilatini, ndipo iye sanandikhululukire. Moyo wake wonse ankanditcha "a Pulofesa", mawu ake akutuluka ngati akulavula.

Ali mnyamata anamva pawailesi nyimbo zatsopano zimene akatswiri ankapanga ndi makina mumzinda wathu uno, zopanda woimba, zopanda ng'oma, kulira chabe kwa magetsi. Bambo ake anamenya wailesiyo khofi poyesa kuti yawonongeka. Gisbert anatsikira kuchipinda chapansi ndipo tinganene kuti sanatulukekonso. Ankatola mawailesi otayidwa n'kupanga makina akeake. Ankadula tepi ndi lezala n'kumata tizidutswa Lamlungu lonse lathunthu. Nyuzipepala sinalembepo dzina lake, ngakhale ine ndinawauza atolankhani kangapo, ndipo amenewonso ndikuwasungira mawu.

Mkazi wake Mechthild ankasoka makatani. Atadwala matenda a m'makutu n'kugontha, tonse tinkati basi, Gisbert wataya womvera wake mmodzi yekha. Koma iye anayamba kutsitsa mawu a nyimbo zake pansi, pansi, mpaka pamene khutu limalephera koma thabwa limanjenjemera. Anakhomera sipika kunsi kwa benchi la kukhitchini. Mechthild ankakhala pamenepo, zikhatho zili pathabwa, maso ali tseke.

"Iyi yatalika, bambo," ankatero ikatha. "Inu ngakhale popanda pakamwa mumalongololabe."

"Mwamva, a Pulofesa?" Gisbert ankandifunsa akuseka. "Mkazi wogontha akuti ndikumusokosera!"

"Khalani apa alamu, musamangoima ngati mtengo wamagetsi," Mechthild ankandikoka malaya. "Vulani nsapato zanuzo."

Ndakhalapo pabenchi limenelo zaka zambiri. Pali anthu ophunzira amene amafunsa ngati nyimbo ya makina ingathe kukhudza mtima wa munthu. Amafunsa atavala jekete, diso lili pawotchi. Ine ndikudziwa kuti imalowera kumapazi, n'kukwera m'msana, n'kukagwira pachifuwa pamene pamagwira nkhani yoipa, ndipo ikakusiya umapezeka kuti wakhala usakupuma bwino.

Nyimbo yake yomaliza anaipanga mapapo atayamba kumukana. Inali ya mawu awiri otsika, amene poyamba amapunthana ngati anthu awiri oyenda mosiyana mapazi, kenaka pang'onopang'ono n'kuyamba kuyendera limodzi. Sanalole Mechthild kuikhudza.

"Iyi ndi ya tsiku lija, mayi. Musafulumire, ine sindikufulumira."

Gisbert atamwalira, tinakambirana ndi a Lindlar bwinobwino. Anavomera ndi pakamwa pawo kuti tibweretse sipika ya Gisbert ndi kuikhazika pansi pa benchi la kutsogolo. Sindikudziwa ngati anauza antchito awo.

Nyimboyo itayamba, Mechthild anavula magolovesi ake akuda n'kuika zikhatho pathabwa. Mabenchi anayamba kunthunthumira, magalasi a mawindo n'kumalira pang'ono. Achibale amene ankanong'onezana za keke yodya maliro akatha anatchera khutu. Jupp, chimphona chimene chinagwira ntchito ya zikepe ndi Gisbert, anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Ndinaona zimenezi ndi maso anga, ndipo aliyense wonena kuti panalibe amene analira ndi wabodza.

Pamenepo wantchito uja, bambo wa imvi wovala suti yakuda, anabwera monyang'ama n'kusolola chingwe kukhoma. Limba linayamba kulira kuchokera m'tisipika tawo ta kudenga.

Mechthild sanamve kanthu, chifukwa limba la kudenga siligwedeza thabwa. Anasiya manja pabenchi, akudikira. Kenaka ananditembenukira.

"Alamu, yatha? Yathera pomwepo?"

Ndinaimirira n'kukuwa pakati pa maliro, ndipo manyazi ndilibe.

"Bambo inu, bwezerani chingwecho!"

"Pepani akulu, makina apsa," ananong'ona. "Simukumva mawindo?"

"Imeneyo ndiyo nyimbo yake! Bwezerani!"

"Nthawi yanu yatsala pang'ono, akulu. Maliro ena akudikira panja."

Onyamula bokosi anali atalowa kale. Gisbert anatuluka ndi nyimbo imene akanaizimitsa yekha akanakhala ndi dzanja.

Maliro atatha, tikumwa khofi, Torsten, mwana wa mlongo wake wa Gisbert, anandigwira paphewa, keke ili mkamwa.

"Madala, khalani pansi, mtima ungakuthaweni. Munthu uja watithandiza. Kodi mumafuna tiwaike amalume ndi phokoso la firiji?"

"Iwe mwana, firiji ya kwanu inamuliritsapo Jupp?"

"Jupp amalira ngakhale timu yake ikagonja."

Anthu ena anaseka. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo nkhope zawo ndikuzikumbukira.

Ndauza Mechthild kuti tingathe kumuikira nyimboyo kukhitchini kwake lero lomwe. Wakana. Akuti mwamuna wake anaipangira chipinda chachikulu chija, chokhala ndi anthu ndi mabenchi ambiri, ndipo kukhitchini ingakhale ngati Lamlungu wamba, munthu n'kumayembekeza kuti Gisbert atulukira pakhomo. Mpaka lero sadziwa ngati mawu awiri aja anakumana. Ndi wokalamba, ndipo m'nyengo yozizira ino wayamba kutsokomola.

Ndapita ku ofesi ya a Lindlar. Mtsikana wa pakhomo anandipatsa khofi n'kundiuza kuti abwana ali kumaliro. Ndaimba foni, abwana ali kumaliro.

A Lindlar, sindikufuna maluwa, ndipo chipepeso chanu musunge. Ndani analamula kuti chingwe chisololedwe, inu kapena wantchito wanu? Ndipo ndi tsiku liti limene mudzatsegule nyumba ija kuti Mechthild Rautenberg akhale pabenchi la kutsogolo mpaka nyimbo ya mwamuna wake ithe? Ndiyankheni, ndipo mutchule tsikulo.