Khofi Womera pa Manda a Bambo Anga

Munali mu 1988, ndili ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, pamene mgodi wathu wa ku Bindura unatikweza basi kukaona dziko. Anati ndi mphoto ya ife amene tinagwira ntchito pansi zaka zambiri osajomba. Aliyense analoledwa kutenga mkazi wake. Ine ndinatenga amayi anga, matumba awiri a simenti, ndi mgwala, chitsulo chachitali chimene timagogodera denga la mgodi tisanayambe ntchito.

Ulendo unali wa kumapiri a kum'mawa, ku Chipinge, kumene amalima khofi. Anzanga ankapita kukaona mathithi ndi kumwa mowa wa kampani. Ine ndinkapita kukawaka chiliza pa manda a bambo.

Bambo anachokera ku Dedza wapansi. Anakumba golide kuno ku Bindura mpaka chifuwa chinawatha, azungu n'kuwachotsa ntchito. Wina anawanamiza kuti mphepo ya kumapiri imachiza chifuwa, choncho anatenga amayi n'kupita kukathyola khofi pa famu ina ku Chipinge. Anamwalira komweko mu 1969. Uthenga unandipeza ataikidwa kale. Kenako kunabwera nkhondo ya ufulu, kumapiri a kumalire kuja kunaleka kuyendeka, ndipo ndinaitanitsa amayi kuti adzakhale nane. Manda a bambo anga ndinali ndisanawaonepo.

Amayi ankati malowo sangasowe. Mwini famu sankalola antchito ochokera ku Malawi kuwaka simenti kapena kuunjika miyala pamalo pake. Ankati manda owakidwa amabala anthu odzanena kuti pano m'pathu. Ndiye akazi amasiye a pa komboni anapeza njira yawo. Mkazi akaika mwamuna wake kumapeto kwa famu, m'mphepete mwa nkhalango, ankaba mbande imodzi ya khofi ku nazale, kuibisa m'chitenje, n'kukaibzala kumutu kwa mtumbira. Khofi wa pamanda panalibe womuthyola. Ankafiira, kuda, n'kuthothoka yekha. Mtengo wa bambo, amayi anati, unachita mphanda pansi pomwe, ndipo akanauzindikira ngakhale atatsinzina.

Woyang'anira ulendo anali kalaliki wa ku ofesi yoona za antchito, mnyamata wa tayi ndi wenzulo m'khosi. Ataona simenti anati basi si lole, ndipo ulendowu ndi wokapumula.  Ndinakweza matumba anga pamwamba pa basi, n'kuwafunditsa pulasitiki. Mgwala ndinaugoneka pansi pa mipando.

M'basimo munali mnzanga wina wa ku Madziwa, Mshona, amene tinkaboola naye miyala pamalo amodzi. Kawiri konse anandikoka pa malaya mwala usanandigwere. Anali wa pakamwa.

"Mudhara," anatero, "ena tatenga akazi athu, iwe watenga apongozi a mkazi wako. Mabhurandaya inu, ngakhale pa holide simuyenda opanda katundu pamutu."

Mabhurandaya ndi dzina limene amatitchula ife a ku Malawi kuno. Amayi anamva.

"Umuuze mnzakoyo," anatero, "kuti mkazi wake wakhala pa windo kuti apeze pothawira."

Basi yonse inaseka, iyenso anaseka, n'kuwagulira amayi nthochi ku Mutare.

Anthu amandifunsa zimene ndinaona kumeneko. Ndinaona madzi akugwa pathanthwe, anthu akuluakulu akuwaombera m'manja, ife amene timapopa madzi mumgodi tsiku lililonse kuti angatimize. Anatiimitsa pa phiri lina n'kutilozera Mozambique, koma kunali nkhungu yokhayokha. Anatilowetsa m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu, kalaliki n'kutiuza kuti tigwirane manja mozungulira tsinde limodzi kuti atijambule, ngati ana a sukulu. Panjira pankagulitsidwa mapeyala ndi zinanazi zambiri, zotsika mtengo. Dzikolo ndi lokongola, sindikana. Koma amayi sanatsike pena paliponse. Anakhala pampando, manja pa mawondo, akuyang'ana kutsogolo. Mvula ya chiperoni inayamba kuwaza ndipo sinaleke.

Tsiku lomaliza tinafika pa famu ya khofi. Inali yomwe ija. Ndinali nditafunsa kale tisananyamuke, n'chifukwa chake ndinavomera ulendowo. Anatilandira kapitawo wachinyamata wovala majombo ndi chipewa. Ankalankhula Chishona ndi Chingerezi. Amayi atamupatsa moni m'Chichewa anamva, koma anayankha m'Chishona kuti agogo ake nawonso anachokera ku Malawi, ndipo iye anabwera pa famupo nkhondo itatha.

Anationetsa zonse. Inali nyengo yothyola. Akazi anali m'mizere, madengu m'chiuno, akusankha zipatso zofiira zokhazokha n'kusiya zobiriwira. Anationetsa makina osenda makoko, matanki amene khofi amavundiramo, onunkha ngati masese a mowa, ndi mathandala a waya oyanikapo, atafunditsidwa chifukwa cha mvula. Anzanga ankagwira, kununkhiza, kufunsa mafunso a chibwana. Anati tikamaliza tikamwe khofi wa pa famupo pa khonde la ofesi.

Ndinamufunsa kumene kuli manda a antchito. Anati ali kuseri kwa komboni, m'mbali mwa msewu. Ndinati sindikunena atsopano, ndikunena akale. Anati akale sakuwadziwa.

Amayi anali atayamba kale kuyenda okha. Munthu amene kwathu ankalephera kufika pa mpopi, tsiku limenelo ndinachita kumuthamangira. Ndinabwerera kaye ku basi kukatenga mgwala. Amayi anadutsa kuseri kwa fakitale, anaoloka kamtsinje, anapeza mwala waukulu umene anati ankapumirapo pobwera ku maliro. Gulu lonse linatsatira, poti ndi komwenso kapitawo ankafuna kutitengera. Tinafika m'mphepete mwa nkhalango. Panalibe thengo, panalibe mtumbira. Mizere ya khofi inatsetsereka yoongoka mpaka kukagunda mitengo ya m'nkhalango.

Kapitawo anasangalala kuti gogo wafika yekha pamalo amene iwo amanyadira. Anati uwu ndiwo munda wawo wabwino koposa, ndipo uli ndi nkhani yake imene alendo amaikonda. Nkhondo itatha, manejala watsopano anapeza mitengo ya khofi itamera yokha m'thengo muno, yopanda feteleza, yopanda mankhwala, koma yobereka mpaka nthambi kugwa pansi. Anaona kuti dothi la pano ndi lamphamvu. Anatenga mbewu ku mitengoyo, anaizula, thirakitala inasalaza, n'kubzala mizere tikuionayi. Khofi amene tikamwe pa khonde ndi wa munda womwewu.

Ena anaomba m'manja.

"Iwe mwana," amayi anatero, osakweza mawu, "mitengo imeneyo sinamere yokha. Tinabzala ndife. Pansi pake pali amuna athu."

Anamva. Kapitawoyo Chichewa sankachilankhula koma anamva zonse. Anavula chipewa. Anati palibe anawauza. Akale onse anabalalika ndi nkhondo, ndipo othyola a tsopano ambiri ndi othawa nkhondo ya ku Mozambique, sadziwa za malo ano. Ndinamufunsa ngati woyendetsa thirakitala sanaone mitumbira. Anati mwina ankayesa zulu za chiswe.

"Chulu unachionapo chotalika ngati munthu wogona?" ndinatero. "Zulu zimandanda mitu yonse mbali imodzi?"

 Mnyamatayo sanalakwe kanthu, koma wolakwayo anali ku tawuni, ndipo patsogolo panga panali iye.

Ndinawauza amayi kuti akhale pa mwala, ndiwapezera malowo ine. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse. Mumgodi nthaka imalankhula. Ukagogoda ndi mgwala, mwala wolimba umalira ngati belu, wosweka umalira ngati ng'oma yong'ambika. Pamwamba panonso, dothi limene linakumbidwapo silibwerera kulimba kwake, ngakhale patapita zaka. Manda ndi dzenje. Dzenje ndi ntchito yanga.

Ndinazika mgwala pakati pa mitengo iwiri. Unalowa mosavuta, ngati m'phala. Ndinaitana amayi kuti ndapeza amodzi. Ndinasuntha pang'ono kuti ndione pamene dzenje lathera. Unalowanso. Ndinapita mzere wina, unalowa. Mzere wachitatu, chimodzimodzi. Kapitawo anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti thirakitala inang'amba munda wonse mozama, ndipo mtengo uliwonse amaukumbira dzenje lake lofika m'mawondo n'kuthiramo manyowa. Panalibe malo osakumbidwa. Munda wonse unali dzenje limodzi.

Sindinaleke. Ndinazika, ndinazula, ndinazika, matope mpaka m'zigongono, mvula ikulowa m'khosi. Othyola khofi anaima n'kumandiyang'ana. Amayi ankayenda m'mizere akuwerama pa tsinde lililonse, kufuna mphanda ija, chikhalirecho anamva kuti mitengo yakale inazulidwa. Mitengo yonse inali yofanana, yodulira mofanana, ngati asilikali.

Wenzulo unalira. Kalaliki anabwera akulumpha matope kuti nsapato zake zisade. Anati chakudya chikuzizira, anthu akudikira kulawa khofi, ndikuononga mizu ya eni ake, ndipo ndikuchititsa kampani manyazi pamaso pa otilandira. Anafunsanso amene anandilola kutulutsa mgwala pa mgodi. Ndinamuuza kuti akaimbanso wenzulo pa manda a bambo anga aumeza. Anabwerera.

Anzanga anapita ku khonde. Patapita kanthawi mnzanga wa ku Madziwa uja anabwera atanyamula kapu, atavindikira ndi dzanja kuti mvula isalowemo. Anaona kuti amayi akunjenjemera.

"Ambuya, imwani mutenthedwe," anatero. "Ndathiramo shuga wambiri."

Anali khofi wa m'munda womwewo. Ndinamenya kapuyo ndi mgwala. Inasweka m'manja mwake, khofi n'kumuotcha pa mkono. Anandiyang'ana, anayang'ana amayi, n'kuchoka. Ndikudziwa kuti anachita mwa chifundo. Koma iye, munthu wamkulu, anali pomwepo pamene amayi ankalankhula, ndipo makutu anali nawo. Sindinapepese.

Kapitawo anali asanachoke. Anagwada pafupi ndi amayi, chipewa m'manja. Anati za simenti sangalole popanda manejala, koma gogo asankhe mtengo uliwonse umene mtima wawo ukuwauza, iye amangapo nsanza, ndipo auza othyola onse kuti umenewo asamaukhudze. Khofi wake azida n'kugwa yekha monga kale.

Ine ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinali nditatopa, ndipo ndinkafuna kuti amayi abwerere ndi kanthu. Iwo anapukusa mutu.

"Ndinakwatiwa ndi mwamuna mmodzi," anatero. "Sindingakalire pa mwamuna wa mnzanga."

Anaimirira n'kutembenukira kumunda wonse. Anakonza mpango.

"Bambo ake a mwana, ndabwera naye mwana wanu uja. Ndi uyu, wamera imvi. Ngati muli pafupi mwamuona. Ine ndayesetsa."

Atatero anayamba ulendo wa ku basi. Pobwerera ndinachita kuwabereka kuyambira pa kamtsinje paja.

Basi inanyamuka. Kalaliki anayesa kuyambitsa nyimbo, palibe anamulandira. Tikutsika mapiri amayi anayamba kutchula akazi anzawo amene anabzala mbande m'mphepete muja, pa amuna awo kapena pa ana awo, mmodzimmodzi, akupinda zala, aliyense ndi kwawo kumene anachokera, uyu wa ku Ntcheu, uyu wa ku Mulanje, uyu wa ku Tete.  Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso bambo, ngakhale adzukulu akafunsa.

Tinafika ku Bindura pulasitiki ija itang'ambika ndi mphepo. Chiperoni inali italowa. Simenti inauma m'matumba momwemo, n'kusanduka miyala iwiri. Ndinaigubuduzira pakhomo panga, ndipo ilipo mpaka lero. Alendo amakhalapo osadziwa.

Lolemba anandiitanitsa ku ofesi pa nkhani ya mgwala ndi ya wenzulo. Anandichenjeza, n'kundiuza kuti maulendo a kampani sindidzakweranso. Ndinawathokoza. Mnzanga uja anapempha kuti amusinthire gulu lina. Tinkakumana polowa pansi m'mawa, aliyense akuyang'ana nyali yake, mpaka anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Madziwa.

Amayi anamwalira dzinja lotsatira. Ndinawaika kuno. Chiliza ndinawaka ndekha, ndi zitsulo m'kati, chokhuthala moti thirakitala ikadzayesa idzasiya mano ake pomwepo. Sindinabzalepo duwa kapena mtengo. Chomera chimakopa alimi.

Mdzukulu wanga wa ku Aerodrome, dera lina la tawuni ino, anandibweretsera chitini cha khofi chaka china, akuti ndi wabwino, wa kumapiri. Ndinamuuza kuti abwerere nacho. Anaseka n'kunena m'Chishona kuti sekuru, ndiye kuti agogo, ndi ovuta. Chichewa amamva pang'ono, ndipo nkhaniyi sindikufuna kuifotokoza m'chilankhulo cha eni dziko.

Zimene zinatayika pa ulendo wokaona dzikowo ndi izi. Matumba awiri a simenti. Kapu imodzi ya eni famu. Mnzanga mmodzi, amene anandipulumutsa kawiri. Dzina la bambo pakamwa pa amayi. Mitumbira khumi ndi inayi, monga anawerengera amayi m'basi, iwiri mwa iyo ya ana. Umodzi unali wa bambo anga.