Maola a Pakati pa Doha ndi Singapore

Malire a Western Australia atatsegulidwa mu 2022, ndinali nditatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo osaonana ndi amuna anga. Ine ndinatsogola kubwera ku Perth kudzayamba ntchito yaunamwino, iwo n'kutsala ku Lilongwe kuti amalize teremu kusukulu komwe ankaphunzitsa masamu. Tinkati anditsatira pakatha miyezi itatu. Kenako korona inatseka njira zonse.

Tikiti inapezeka movutikira, ndipo inali yozungulira: kukafika ku Doha, kuchoka apo kupita ku Singapore, kenako kuno. Nditawatumizira pafoni, sipanathe mphindi khumi, anandiimbira.

"Mayi, tikitiyi mwaiwerenga bwino? Kunyamuka ku Doha eyiti koloko m'mawa, kukatera ku Singapore naini koloko madzulo. Maola khumi ndi atatu m'mwamba, masiki ali kukamwa! Ndikafika wamoyo ine?"

Ndinaseka mpaka misozi.

"Aphunzitsi a masamu, chotsanipo asanu. Ku Singapore kukamacha, ku Doha anthu amakhala akadali mtulo. M'ndegemo mukhalamo maola asanu ndi atatu basi, mwinanso osakwana."

Ndinamva akutembenuza pepala, ndipo ndinadziwa kuti akuwerengera okha, sakundikhulupirira. "Ndiye kuti maola asanuwo andibera," anatero, n'kuyamba kuseka nawonso.

Tsiku lomwe ankachoka ku Doha ndinali pa shifiti ya masana. Pafoni panga pankaoneka kandege kakang'ono kakuyenda pamapu. Ndikangopeza mpata, ndinkathamangira kuchipinda chomwera tiyi kukakasuzumira. Kali pamwamba pa nyanja. Ndibwerenso, kakadali panyanja pomwepo, ngati kaima.

Namwino mnzanga wa ku Zambia anandipezerera kachitatu. "Iwe, ika foni pansi. Ndeke siizathamanga chifukwa uiyangana." Koma titakumana pakhonde tikukankha matebulo a mankhwala, ndi iye yemwe ananong'ona: "Yafika pati manje?"

"Yadutsa India!"

Anavina pang'ono pomwepo, chovala chapulasitiki chikuchita phokoso.

Poweruka ndinapeza uthenga: "Ndatera. Munkanena zoona, sanakwane asanu ndi atatu. Koma dziko ndi lalikulu, mayi. Madzi okhaokha, ndinaleka kuyang'ana pawindo."

Mawa lake masana ndinali pabwalo la ndege, nditafika maola awiri nthawi isanakwane. Anthu ankatuluka mmodzimmodzi, onse nkhope zobisa. Amuna anga ndinawazindikirira kayendedwe, ngakhale tsiku limenelo ankakwakwaza mapazi. Anali atatupa chifukwa chokhalitsa, nsapato ataziponda kuchidendene ngati masilipasi.

Sindikudziwa kuti nthungululu inachokera kuti. Ndinangoimva ikutuluka pakamwa panga, holo yonse n'kutembenuka.

"Mayi, anthu akutiyang'ana," anatero ndili m'khosi mwawo.

"Ayang'ane!"

M'galimoto ndinali ndi nkhani za zaka ziwiri zoti ndiwauze. Ndinayamba ndi nyumba yathu ya ku Bentley, kuti ili ndi mtengo wa mandimu kuseri. Pofika pamaloboti achiwiri, anali akuliza mkonono, lamba ali pachibwano. Ndinachepetsa liwiro, koma nkhani ndinapitiriza.