Kalasi ya Gulzat Inamwazikana

Tsiku lomwe Gulzat ankamaliza sekondale m'tauni ya Naryn, kalasi yonse inakhala pansi pa mtengo wa maapozi, aliyense akunena chomwe adzakhale. Gulzat anati uphunzitsi.

"Ine ndidzakhala dokotala wa akavalo," anatero Mederbek, mnzake wokhala naye benchi imodzi.

"Iweyo? Woopa ndi nkhuku yomwe!" Gulzat anamugemula, onse n'kufa ndi phwete.

Chisanu chisanayambe, anzawo ambiri anapita ku Moscow kukasaka ntchito. Gulzat anatsala, akudwazika bambo ake. Mederbek, yemwe anapita nawo, anagwa pansanja akumanga nyumba, ndipo anabwerako ali m'bokosi.

Pamaliro, mayi ake a malemuyo anamugwira Gulzat dzanja. "Mwanawe, anzake aja ali kuti?"

Gulzat anayang'ana uku ndi uku. Wa m'kalasi muja anali iye yekha.