Makala M'madola Anga

Ntchito itatha ku kampani imene ndinkagwirako ku Limbe, anatipatsa kalata yothokoza ndi kandalama kopukutira misozi. Kalatayo inati ndinali wantchito wokhulupirika. Zikuoneka kuti ndinakhulupirika mokwanira, tsopano ndikanatha kukapitiriza kukhulupirikako kunyumba. Ndinali ndi ana awiri, ndipo bambo wawo anali atapita ku Joni kukafuna ntchito n'kukapezako mkazi. Ndinasiya nyumba ya lendi n'kubwerera kwa amayi ku Ndirande. Kandalama kaja kanali komaliza, kakanatha kunalibenso kwina kokatapa.

Ndinaganiza zoyamba geni yobwereketsa madiresi a ukwati. Ku Ndirande anthu akhoza kugona ndi njala sabata yonse, koma Loweruka ukwati umakhalapo, ndipo mkwatibwi aliyense amafuna diresi limene mnzake wa kukwaya sanavalepo. Odziwa anandiuza kuti madiresi otsika mtengo ali ku Dar es Salaam, koma ndipite ndi madola, chifukwa kwacha yathu ikangowoloka mlatho wa Songwe anthu amayamba kuiyang'ana ndi chisoni. Ndinawerengetsa n'kupeza kuti ndalama yanga ikwana madiresi asanu ndi limodzi.

Apa ndiye ndinasanduka katswiri. Ine amene ndinali ndisanadutsepo ngakhale pa Zalewa kupita kumpoto, ndinafunsa aliyense amene anakwerapo basi yotuluka m'dziko muno. Anandiphunzitsa kuti usamapereke ndalama yako usanagwire ya mnzako, kuti uziwerenga wekha ndi zala zako, komanso kuti pali anthu amene amapinda pepala limodzi pakati kuti uliwerenge kawiri. Koma chimene onse anabwereza chinali chimodzi: dola ikhale yatsopano, yoyera, yopanda banga kapena kung'ambika. Kunja kuja dola yakuda saifuna.

Ku banki anandipatsa fomu n'kundiuza kuti ndidikire. Ndikanadikira, bwenzi akwatibwi anga pano ali ndi zidzukulu. Madolawo ndinakagula kwa bambo wina ku Limbe, kuseri kwa shopu ya nsapato. Pepala lililonse ndinaliunika padzuwa, kulipapasa, kulinunkhiza, awiri ndinabweza ati ali ndi kamzere pakati. Bamboyo anandifunsa ngati ndikugula ndalama kapena ndikufunsira mbeta. Zaka khumi ndi ziwiri za ntchito zinakwana mapepala asanu ndi atatu a handiredi, ndipo onse analowa mu envulopu imodzi yoyera popanda kuitupitsa.

Amayi anga ankagulitsa makala m'mphepete mwa msewu wopita kumsika. Anatilera ndi makalawo bambo athu atamwalira. Manja awo sankayera ngakhale Lamulungu, mizere ya m'zikhato inkakhala yakuda ngati yojambula ndi bolopeni. Koma pa singano analibe mnzawo. Ndinawapempha kuti andisokere kathumba ka nsalu kokhala ndi chingwe, koti ndimange m'chiuno mkati mwa zovala, ndipo akasoke mbali zonse kuti wakuba asapeze polowetsa chala.

Ali mkati modula chitenje chawo chakale anandifunsa, "Waikamo khala?"

"Khala la chiyani, amayi?"

"Iwe, kumene ukupitako kuli eni ake a chitaka. Munthu akupatsa chenji, iwe n'kuphatikiza ndi zako, pofika kogona zonse zakokedwa, zabwerera kwa iye. Ine m'kachitini mwanga mwa ndalama simusowa khala. Unamvapo kuti andikoka ine?"

Ndinafuna kuwayankha kuti m'kachitini mwawomo wachitaka akanakoka chiyani, koma ndinangoseka. "Amayi, awatu ndi madola. Si za pamulu wa makala izi."

Sindinawauze chifukwa chake. Chinali chiganizo chimodzi chokha, choti dola ikada amaikana, koma ndinaona ngati kufotokozera mayi wogulitsa makala za ndalama zakunja n'kutaya malovu. Iwo anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, ophunzira ndinu." Amayi akakutchula kuti inu, dziwa kuti wawakhumudwitsa. Ndinawasiyira envulopu ija n'kupita kukagula tikiti ya basi. Pobwera ndinapeza kathumba katasokedwa bwinobwino, ulusi wake wothinana moti ngakhale nyerere sikanalowa. Pakati ndinamva kanthu kolimba, ndinangoti ndi mfundo ya chingwe.

Ulendo unali wa masiku awiri. M'basi ndinakhala ndi mayi wina wa ku Bangwe amene ankapita ku Dar mwezi ndi mwezi kukaoda nsapato. Anali wodekha, ankangodya mtedza wake n'kumagona. Ine sindinagone. Aliyense wodutsa pafupi ndi mpando wanga anali wakuba, kuphatikizapo m'busa amene anatipempherera ponyamuka. Dzanja langa linkangopita m'chiuno kukapapasa. Ndinakakanikiza kathumbako ku Mzuzu, ndinakakanikiza potsika mapiri, ndipo pofika ku Karonga thukuta linali litanyowetsa zovala zonse mpaka mkati.

Pa Songwe ndi pamene ndinaonetsa ukatswiri wanga. Abambo osintha ndalama anatizungulira ndi mitolo ya mashilingi m'manja. Ndinangofuna kusintha makwacha ochepa a chakudya cha panjira. Ndinatulutsa foni, kuwerengetsa ndekha, kulandira mashilingi ndisanapereke zanga, kenako kuwerenga limodzilimodzi. Ndipo ndinamugwiradi munthu, pepala limodzi linali lopinda pakati. Ndinakuwa boda yonse kumva. Bamboyo anangomwetulira n'kuwonjezera pepala lina, ngati ndamukumbutsa chinthu chimene anaiwala.

"Mwaonatu, achemwali?" ndinamuuza mayi wa ku Bangwe uja titabwerera m'basi. "Ine sangandipusitse."

"Mwapulumutsa zingati?"

Ndinawerengetsa pa foni. Zinali za mandasi atatu.

"Mwachita bwino," anatero, n'kutseka maso.

Ku Dar tinapeza chipinda chimodzi tonse awiri pafupi ndi msika waukulu. Kutentha kwa kumeneko, munthu umatuluka thukuta uli m'bafa. M'mawa mwake ndinamasula kathumba kaja, ndinabwereka lumo kwa mnzangayo n'kuyamba kudula ulusi wa amayi. Chimene chinayamba kutuluka sichinali dola ayi. Unali ufa wakuda, wonyowa, umene unagwera pa nsalu yoyera ya pabedi la eni ake.

Envulopu munalibe. Amayi anaichotsa, poti khala liyenera kukhudza ndalama yeniyeniyo kuti ligwire ntchito. Anawapinda madola aja pakati n'kuika khala m'kati mwenimweni, kuti wachitaka asapeze poyambira. Kenako ine katswiri ndinalikhalira masiku awiri, kulikanikiza mzinda uliwonse, n'kulithirira thukuta. Mapepala asanu akunja anapulumuka, anangoda pang'ono m'mphepete. Atatu a m'kati anali ngati apukutira mbaula. Mzungu wa tsitsi lalitali amene amakhala pa dola uja ankaoneka ngati wakhala akutithandiza kupakira makala m'matumba.

Ndinakhala pansi.

"Musapukute ndi madzi," anatero mayi wa ku Bangwe.

Ndinapukuta ndi madzi. Ndinanyowetsa kampango n'kuyamba ndi pepala lakuda kwambiri, ndipo banga limene linali pakati linafalikira mpaka pafupifupi pepala lonse. Mnzangayo anandilanda kampangoko, n'kukung'untha mapepala enawo ndi chala pang'onopang'ono.

Ku kaofesi kosinthira ndalama tinapeza mayi wa magalasi kuseri kwa windo. Anatenga mapepala anga ndi zala ziwiri zokha. Asanu anawalowetsa m'makina, atatu anawakankhira kwa ine ndi kumapeto kwa bolopeni. Ndinamufotokozera m'Chingerezi changa chonse cha muofesi kuti ndalamazo ndi zenizeni, kuti ndi makala chabe. Anandifunsa kuti makala alowa bwanji mu ndalama. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, n'kuona kuti chitaka sindingachimasulire pa windo anthu ali pamzere kumbuyo kwanga. Tinayenda maofesi ena atatu. Konse ankangoyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu.

Pamapeto pake mayi wa ku Bangwe ananditengera kwa bambo wina amene ankakhala pa mpando wa pulasitiki pakhomo pa shopu ya nsalu. Anali ndendende munthu amene aphunzitsi anga onse anati ndisamuyandikire. Anatenga madola anga ine ndisanagwire kalikonse. Anawerengetsa pa foni yake, osati yanga. Pa mapepala awiri anatchula mtengo wodula pafupifupi theka, ndipo ananena mokoma mtima ngati akundithandiza maliro. Pepala lachitatu lija, limene ndinalichapa ndekha, analikweza m'mwamba, kuwaonetsa anzake, onse n'kuseka, kenako anandibwezera.

Ndinamuchonderera. Ndikunena zoona, ndinamupempha munthu kuti andibere, ndipo iye anakana. Ine amene ndinaimitsa boda chifukwa cha mandasi atatu ndinalandira mashilingi akewo ndi manja awiri, n'kunena zikomo.

Ndinagula madiresi anayi m'malo mwa asanu ndi limodzi. Limene ndinalikonda kwambiri, la mikanda pachifuwa, ndinalisiya. Ndinalira m'chimbudzi cha pamsika, nditalipira kaye pakhomo.

Ulendo wobwerera ndinautha ndikukonza mawu. Pofika ku Mbeya ndinali ndi chiyambi chake. Ku Karonga ndinawonjezera za umbuli, ku Mzuzu za ana anga amene adzadya chiyani, ndipo podutsa pa Lunzu ulaliki wonse unali utapsa, wokhala ndi mitu ndi mafunso. Ndinali wokwiya zedi, ndipo mkwiyowo unkandikomera chifukwa unkandiiwalitsa kuti chiganizo chimodzi chija sindinachinene.

Ndinafika ku Ndirande masana. Amayi anali pamalo pawo, akuunjika timilu ta makala. Atandiona ndikutsika minibasi ndi chikwama, anaimirira msangamsanga mpaka kugwetsa mulu umodzi. Anafuna kundikumbatira, koma anayang'ana manja awo ndi bulauzi yanga n'kuwabweza kumbuyo. Anali ataonda m'maso. Mayi wogulitsa tomato pambali pawo anandiuza kuti chichokereni ine amayi sankadya bwino, ankangofunsa aliyense ngati wamva za ngozi ya basi.

"Wafika, mwana wanga," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Nanga zija? Palibe anakukoka?"

Ulaliki wanga unali pamlomo.

"Usakwiye," anapitiriza, akumwetulira ngati mwana amene wabisa chinthu. "Ndinaikamo. Unakana, koma ine sindikanagona. Ndinasankha la tsanya lenileni, losagulitsa pamulu. Zaka zonse zija unavutika ku ntchito, ndiye munthu angokoka chabe? Ine ndilibe choti ndikanakupatsa cha panjira."

Ndinayang'ana manja aja ali kumbuyo.

"Zonse zinafika, amayi," ndinatero. "Palibe anakoka."

"Waona!" anakuwa, kutembenukira kwa mayi wa tomato. "Ophunziratu awa!"

Bodza langalo linandipatsa ntchito ina yopanda malipiro. Amayi anasanduka mlangizi wa aliyense wa m'dera lathu wopita kunja. Wopita ku Joni, ku Tete, ku Lusaka, onse ankadzera pamakala kudzalandira khala laulere, ndipo umboni wake unali ine ndi madiresi anga. Ndinkawadikirira pakona n'kuwanong'oneza kuti khalalo alikulunge kaye m'kapulasitiki. Ena ankandimvera. Ena ankati ndili ndi nsanje, sindikufuna kuti anzanga atukuke.

Geni inayenda mokwawa. Madiresi anayi amatanthauza kuti Loweruka lina umabweza akwatibwi awiri, ndipo chaka choyamba chija ana anga anadziwa tiyi wopanda mkaka. Koma sitinafe, ndipo pano madiresi alipo ambiri kuposa amene ndinkalota.

Pepala lachitatu lija ndinayesa kulisintha ku Limbe, kwa bambo wa kuseri kwa nsapato yemwe uja. Anandikumbutsa za awiri amene ndinamubwezera chifukwa cha kamzere. Ndinaliponya mu envulopu ya kalata yothokoza ija n'kuliiwala.

Amayi anamwalira osadziwa. Titaika maliro, ndikufufuza mapepala ena m'sutikesi, ndinalipeza n'kupita nalo pakhomo pamene pali kuwala. Pakona imodzi, pamene kampango kanga sikanafike, pali chidindo cha chala chachikulu, mizere yake yonse ikuoneka. Ananyowetsa chala ndi malovu, monga ankachitira ndi makwacha a m'kachitini, n'kuwerenga madola anga kuti atsimikize kuti mwana wawo akunyamuka ndi onse asanu ndi atatu.

Malipiro anga onse anapita, ndalama ya madiresi imabwera n'kupita, kwacha imasungunuka ili m'chikwama chotseka. Handiredi imene amayi anaiikira khala ili pompano, ndipo palibe anaikoka.