Mazira Ozizira Kale

Ana a sukulu ina ya ku Kabulonga atabwera kudzagona ku famu yathu, nkhuku zanga zinali zitanyanyala kuikira. Ine, mlimi wamkulu wa ku Woodlands, wovala jombo zatsopano, ndikanavomera bwanji? Ndinagula mazira pamsika wa Kabwata, n'kuwagoneka m'filiji, m'mawa n'kuwamwaza m'khola.

Anawo ankatola mokondwa, mpaka kamtsikana kena kanagunditsa dzira patsaya.

"Ba Anti, nanga lizizila bwanji so?"

"Nkhuku zamakono zimenezo, mwanawe," ndinayankha osaphethira. "Zimaikira ozizira kale."

Aphunzitsi awo anayang'ana kumbali. Kamtsikanako kanagwada pafupi ndi nkhuku imodzi.

"Pepa, umvela mphepo m'mimba," kanatero, n'kuvula juzi yake n'kuifunditsa.

Juziyo ikadali kwathu. Nkhope yokaibwezera ndilibe.