Mabisiketi a m'matope

Ndikukumbukira chaka chimene agogo aamuna anabwera ku Nairobi kudzachitidwa opaleshoni ya maso. Tinkakhala ku Umoja, dera lina la mumzindawo, bambo akugwira ntchito ku bungwe lina, ine ndili kamtsikana ka ku pulayimale. Jekete la agogo linkanunkha fodya wam'mphuno, koma ndinkakonda kukhala pambali pawo, poti anamenya nawo nkhondo ya azungu ali mnyamata.

Nkhani yawo imene ndinkaikonda inali ya mabisiketi. Adani atagonja, gulu lawo linatumizidwa kukalondera tawuni ina ya dziko lakumpoto. Asilikali akamadutsa anthu ankapatuka m'njira, masitolo ali otseka, ana ali mbuu ndi njala. Ndiye asilikaliwo ankakhala pa lole n'kumaponya mabisiketi m'matope kuti aone ana akulimbirana. Agogo ankayeseza mmene anawo ankagwerana, ife kufa nako kuseka.

Lamlungu lina amayi anaitana anansi kudzamwa tiyi. Panali Mama Halima, gogo wa khomo loyandikana ndi lathu, amene ankandisungira mandasi. Ine pofuna kudzionetsa ndinakoka agogo jekete.

"Agogo, auzeni ya mabisiketi ija!"

Anaifotokoza m'Chiswahili chawo cha ku usilikali, manja ali m'mwamba. Mama Halima sanaseke. Anangofunsa dzina la tawuniyo, ndipo atalimva anaika kapu pansi.

"Ndinali komweko, msinkhu wa kamwana aka," anatero akundiloza. "Tinkati asilikali a ku Nyasa ndi abwino, chifukwa enawo sankaponya chilichonse. Mlongo wanga ankapukuta matopewo ndi malaya ake n'kundipatsa. Asante, baba."

Anathokoza ndi mtima wonse, ndipo zimenezo ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Agogo anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Tiyi wawo anazizira m'kapu. Mpaka kumwalira kwawo sindinawamvenso akutchula za nkhondo.

Pano ndimakhala ku Syokimau, kufupi ndi Nairobi, ndi mwana wanga Tadala, wa zaka zinayi. Nkhondo timaionera pa foni masiku ano, ana ataima pa mzere ndi mbale, ndipo Tadala akayandikira ndimaitembenuza msanga. Dzana analoza chithunzi cha agogo ali mu yunifolomu.

"Amayi, anapambana?"

Ndinati eya. Akufunsa kuti kenako anatani, ine ndinali nditadzuka kale kukayang'ana madzi pamoto.