Saladi ya vitumbuwa m'thanki ya amalume

Nkhani iyi si yopeka, ndipo wokayika akafunse azimayi ogulitsa tomato paja msewu umadutsa njanji, chifukwa iwo anaona zonse ndipo mpaka lero ndikamadutsa amakodolana. Ndineneretu kuti woyambitsa ndine. Palibe mnzanga anandituma, ndipo Satana amene amayi anamunamizira pambuyo pake sanakhudzeko n'komwe. Ine ndinangofuna kudziwa basi.

Zinayambira m'kalasi chaka chatha, aphunzitsi a sayansi atanena mongodutsa kuti injini ya dizilo ikhoza kuyenda ndi mafuta a nshawa. Anzanga anaseka n'kuiwala, koma ine mawuwo anakana kuchoka m'mutu, chifukwa kwathu ku Estates zonse zofunika zinalipo kale. Amayi amakazinga vitumbuwa pamsika, ndiye saladi, mafuta ophikira aja, yakuda yotha ntchito imakhala m'zigubu kuseri kwa nyumba ndipo woitaya ndine. Amalume, amene timakhala nawo mpanda umodzi, ali ndi chimotoka chakale cha dizilo, chija chokoka ndi matayala onse anayi, chimene amakatengera kabichi ku Shimabala, ndipo wochitsuka ndinenso. Inuyo mukanatani?

Poyamba ndinasamala ndithu. Ndinasefa saladi ndi sokosi yanga ya kusukulu, n'kuthira botolo limodzi m'thanki, ndipo mawa lake ndinakwera nawo mtima uli m'mwamba, ndikudikira kuti chiphulike. Sichinaphulike. Chinayenda ngati masiku onse, mwinanso phokoso linachepako pang'ono. Kuyambira pamenepo ndinkawonjezera sabata ndi sabata, kuti ndione pamene chidzakanire.

Chimene sindinaganizire ndi fungo. Utsi wa motoka unayamba kununkhira vitumbuwa, agalu a m'komboni n'kumaithamangira, ndipo fungolo linalowa mpaka mu jekete ya amalume. Iwo anadabwa kuti mafuta sakutha msanga, nayamba kunong'oneza amayi kuti mwina pali munthu wawachitira zinazake, mpaka anaitana abusa kudzapempherera boneti, abusawo pochoka n'kunena kuti pempherolo lawapatsa njala. Koma akazi awo, ba anti, anali ndi yankho lawo. Ankati mwamuna sanganunkhe vitumbuwa tsiku lililonse ngati palibe amene akumukazingira, ndipo ku Shimabala kumeneko kuli kabichi wa miyendo iwiri. Ankakangana ine ndili pomwepo ndikupukuta magalasi, ndikuluma mlomo kuti ndisaseke.

Itafika June ndinachita ulesi. Ndinapeza thanki ili pafupi kuuma, ndiye ndinakhuthuliramo chigubu chonse osasefa, kuphatikizapo saladi imene ndinapempha kwa mayi wina wokazinga nsomba. M'mawa mwake kunazizira kwambiri, ndipo ndi tsiku lomwelo limene ba anti anavala chitenje chatsopano n'kunena kuti lero apita nawo, akamuone mkaziyo ndi maso awo. Anakhala kutsogolo, ine kumbuyo pa madengu. Dziwani kuti chitseko cha mbali yawo sichitseguka m'kati, umachita kutsegula panja, uku ukuchikankha ndi bondo.

Motoka inavuta kulira, inatsokomola, kenako inanyamuka monyinyirika. Pofika pa njanji paja pali kachitunda, ndipo titangokwera, matayala akutsogolo atadutsa, injini inazima. Amalume anapotoza kiyi, inangolira pang'ono n'kusiya. Anapotozanso. Apo m'pamene ndinamva hutala, nditacheuka n'kuona mutu wa sitima ya katundu ukutuluka pokhota.

Anthu amakonda kunena kuti sitima zathu n'zaulesi, ungazipitirire ndi njinga. Kaimeni kutsogolo kwake mukaone. Ndinadumpha, ndipo nditaponda chitsulo cha njanji ndinamva chikunjenjemera mpaka m'mano. Miyendo inandithawitsa yokha osandifunsa, ndipo ndinali nditafika kale pa tomato pamene ndinamva ba anti akumenya galasi ndi manja onse, akundiitana ndi dzina limene amandiitana ndikalakwa. Ndinabwerera, koma chogwirira chinkaterera chifukwa manja anga anali thukuta lokhalokha, mpaka ndinachigwira ndi malaya n'kukankha chitseko ndi bondo. Chitseko chitatseguka anandigwera, tonse pansi, nsapato yawo imodzi n'kutsala m'motoka.

Amalume anakana kutsika. Tinkawakuwira, iwo osatiyang'ana n'komwe. Anakoka kagiya kakang'ono kaja ka pamatope, n'kuika giya yoyamba, n'kugwira kiyi osaisiya, kuti sitata yokha ikoke motoka. Inayamba kukwawa ngati kamba, ikubuula. Azimayi a tomato ndi bambo wina wa wilibala anathamangira kumbuyo, nanenso ndinapezeka ndikukankha nawo, hutala ikulira m'khutu, mabuleki a sitima akukuwa, ine osayerekeza kucheuka. Matayala akumbuyo atangotsika kachitunda, tonse tinadziponya kutsogolo. Dengu limodzi linagwera pa njanji, ndipo sitima itadutsa, woyendetsa akutitukwana pawindo, tinangotolapo tizidutswa.

Makanika atabwera n'kumasula fyuluta ya mafuta, anatulutsa chinthu chonga phala lozizira, nyenyeswa zili mbwee, ndipo pakati pake panali munga wa nsomba. Anaunyamula m'mwamba n'kufunsa amalume ngati motoka yawo imadya ndi nshima. Ba anti ananunkhiza phalalo, kenako anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana ine. Saladi ya alamu awo, amayi anga, amaidziwa. Ba anti sanawapepese amalume ayi, anangoti iwo chikhalire sanawaganizirepo zoipa, ulendo uja amangofuna kukaona minda.

Lamba ndinalandira madzulo omwewo, ndipo sindikudandaula, unali wanga. Amalume anandipopetsa thanki yonse ndi paipi ya pakamwa, kotero kuti kwa masiku angapo chilichonse chimene ndinkadya chinkakoma dizilo. Koma tili awiri pansi pa motoka, amalume anayang'ana uku ndi uku n'kundifunsa chapansipansi kuti masabata aja inkayenda bwino ndinkathira yochuluka bwanji. Ndinawauza. Ndinaona milomo yawo ikubwereza.

Ndiye chimene ndikukhulupirira tsopano n'chakuti aphunzitsi aja sananame. Injini yakale ngati ya amalume imamwa saladi ndithu, bola ikhale yosefa bwino, yosakaniza ndi dizilo, ndipo kunja kukhale kotentha, chifukwa ikazizira imalimba n'kutseka njira. Zamakono zija zodzaza mawaya sindikudziwa, palibe wandilola kuyandikira thanki yake. Amene mukufuna kuyesa, yesani pa motoka yanu, kapena mwini wake akudziwa, kutali ndi njanji, ndipo muyambe mwakonza zitseko.

Chilango chachikulu anapereka ndi amayi. Anati popeza saladi ndimaikonda, holide yonse ndikhala pa mbaula pamsika ndikukazinga vitumbuwa, anzanga akusewera mpira. Ndinaweramitsa mutu ngati zandiwawa. Iwo anaiwala kuti wokazinga ndi amenenso amasunga yotsala, ndipo panopa kuseri kwa nyumba kuli zigubu za saladi yosefa kawiri, yoyera ngati tiyi, zikudikira October. Amalume amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, ndipo sananenepo kuti ndikataye.